Mendulo za Bambo Awo a Madamu

Anagogoda Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndikusita m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini, ku Mirdif, mumzinda wa Dubai. Anali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo kumbuyo kwawo kunali bwana wanga, mwana wa Madamu, atanyamula kabokosi kamatabwa. Ndinakazindikira. Kanali katachokera m'sutikesi mwanga.

"Zimitsa ayironi," anatero wapolisi wamkaziyo. "Yalla, tiye."

Ndinali nditakhala m'nyumbamo zaka zinayi ndikusamalira Madamu, mayi wokalamba wa ku Vietnam amene anakulira ku France, n'kudzatsatira mwana wawo ku Dubai miyendo itafooka. Lamlungu ndi pamene anandipatsa kabokosiko. Munali mendulo zisanu ndi ziwiri za bambo awo. Anati tsiku langa lopuma ndikakwere kaboti kowolotsa anthu ku Deira, ndipo tikakafika pakati pamadzi ndikakaponyemo. Lolemba anagwa sitiroko, pakamwa panatsekeka. Mboni yanga yokhayo inali gone m'chipatala.

Amene ankandifunsa kupolisi sankakweza mawu.

"Mwana angataye bwanji mendulo za bambo ake?"

Ndinamuuza zimene ndinkadziwa, zimene Madamu ankanena mwapatalipatali ndikamawasambitsa. Bambo awo analowa usilikali wa Afalansa ali mnyamata, dziko lawo lili m'manja mwa atsamunda. Anakamenya nkhondo ya azungu ku Ulaya, anavulala, anakwezedwa mpaka kufika pa mkulu wa asilikali, udindo umene anthu akwawo sankaufikira. Atabwerera, Afalansa anawaika kutsogolera boma. Iwo ankati akufuna ufulu wobwera pang'onopang'ono, wopanda magazi. Anzawo amene anali m'tchire ankati ndi kapolo wovala nyota. Sanakhalitse pampandowo. Omwe anawakweza aja ndi amene anawatsitsa, ndipo anakafera ku France m'nyumba ya lendi, kwawo osakuonanso. Kusukulu Madamu ankatchedwa mwana wa wogulitsa dziko. Ndiye anati sakufuna kuti zidzukulu zidzapachike zinthuzo pakhoma.

Wapolisiyo analemba zonse. Kenako anati, "Ukuudziwa bwino katundu amene unaba."

Foni, lamba ndi mpango anandilanda polowa m'ndende. M'chipindamo tinalimo akazi ambiri kuposa matiresi: Afilipino, Aitopiya, a ku Uganda. Magetsi sankazima, ndipo makina oziziritsa ankauzira mpaka m'mafupa. Za kuchimbudzi sindilemba. Munthu amazolowera kuyang'ana kukhoma kuti mnzake apeze ulemu.

Munali mayi wina wa ku Chipata amene anathawa kwa abwana ake. Atamva ndikupemphera m'Chichewa anandisendezera bulangeti.

"Amake mwana, usasaine vamene sunabelenge. Ukasaina, khalas, yako yatha."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabweretsa pepala la Chiarabu. Ndinapempha womasulira. Ndinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka mapemphero awo a madzulo, ndipo womasulirayo sanabwere. Tsiku lakhumi pepala lomwelo linabweranso. Ndinali nditatopa moti dzanja linafuna lokha kutola cholembera, basi kuti zithe. Chinandigwira n'chakuti mwana wanga ku Ntcheu ankalemba mayeso a Fomu 4 mwezi womwewo, ndipo sindinafune kuti adzamve kuti mayi ake anavomera kuba. Ndinabweza cholemberacho.

"Inshallah, mawa," ankatero mlonda tikafunsa za milandu yathu. Sankanena monyoza. Nayenso ankaoneka wotopa.

Masiku amenewo ndinkaganiza za mkulu wa asilikali uja kuposa mmene ndinkafunira. Sindinamuonepo, ngakhale dzina lake sinditha kulitchula bwino, koma ndinali m'ndende chifukwa cha iye. Anatumikira nyumba ya eni moyo wake wonse, akumuyamikira, mpaka tsiku limene anasiya kumufuna. Sindikuti anali wolungama. Ndikungoti njira imeneyo ndimaidziwa.

Tsiku la 23, Lachitatu, anaitana dzina langa molakwitsa monga mwa masiku onse. Wondifunsa uja anati Madamu ayamba kugwedeza dzanja lamanzere ndipo alemba mizere iwiri m'Chifalansa, yonena kuti kabokosiko anachita kundipatsa okha. Bwana wachotsa dandaulo lake.

"Mlandu palibe. Pita."

Bwanayo sanabwere. Anatumiza sutikesi yanga, pasipoti ndi tikiti ya ndege ya Loweruka. Ndinapempha kukaona Madamu kuchipatala, anayankha kuti banja silikufuna. Zimene zinachitikira mendulozo sindikuzidziwa.

Kunja dzuwa linandimenya ngati mbama. Ndinakoka sutikesi mpaka pasiteshoni ya Metro n'kukhala pampando. Ndinkaganiza kuti ufulu udzabwera ndi chimwemwe, koma unabwera ndi tulo ndi mawondo opweteka. Sitima inafika, zitseko zinatseguka, ine osadzuka. Yachiwiri chimodzimodzi. Panalibe wondiitana, panalibe wonena kuti fulumira. Yachitatu ndinakwera, chifukwa ndinafuna.