Tsamba Limene Ndinafunsira Bambo

Chaka chimene bambo anagwa m'chigafa, fodya wathu anacha bwino moti anthu opita ku Nkhamenya ankaima panjira n'kumaloza. Anagwa akupachika mikangala, timitengo toyanikapo fodya. Kuchipatala ku Boma anatiuza kuti ndi sitiroko: mtsempha waphulika m'mutu, mbali ya kumanja yafa, mawu nawo apita. Ndinafunsa adokotala ngati bambo akumva tikamalankhula. Anati mwina. Mwina! Mtunda wonsewo ndinagwedezeka pa kabaza kudzalandira mwina.

Tinabwera nawo kunyumba. Masana tinkawakhazika pakhonde, wailesi pambali pawo, poti moyo wawo wonse sanagwirepo ntchito wailesi ili chete. Ankangoyang'ana kumunda. Dzanja lamanzere lokha ndilo linkayendayenda pabondo.

Tsiku lina ndikuwamwetsa phala, pawailesipo panabwera bambo wina wophunzira kwambiri. Ankati nyenyezi tikuonazi ndi madzuwa, ndipo pafupi nazo pali maiko ena, ochuluka kuposa mchenga. Mwina kwinakwake kuli zamoyo zoganiza. Koma anachenjeza kuti tisayembekezere mutu ndi pakamwa ngati zathu. Ankati ngakhale pansi pano, m'nyanja zamchere, muli nyama ina yomwe mitsempha yake yambiri ili m'miyendo, moti mwendo uliwonse umakhala ngati ukudziganizira wokha. Akuti kunja anamanga zimbale zikuluzikulu zotchera khutu kumwamba. Vuto lake, anatero, n'lakuti yankho likhoza kufika ife osalizindikira kuti ndi yankho.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Anthu akhuta eti! Akutchera khutu nyenyezi pamene pakhonde pano pali munthu amene palibe akumumva. Ndinafuna kuzimitsa wailesiyo, koma sindinazimitse. Maso anga anali padzanja la bambo lija. Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunakhazikike. Ndikamatunga madzi ndinkadzifunsa: kodi munthu amakhala pati kwenikweni? M'mutu? Nanga mutu ukaonongeka, angasamukire m'dzanja? Ndinafunsa amayi, anandiyankha kuti ndisiye zamisala, ndikachape zofunda.

Kenako kunabwera azakhali, alongo awo a bambo. Bambo anali mkamwini, anabwera pamudzi wa amayi ali mnyamata, ndipo kwathu mkamwini akadwala kwambiri abale ake amamutenga, kuti zikavuta asatsikire kuli chete kwa eni. Azakhali anabwera ndi ngolo yobwereka, anali atamanga kale mfundo.

"Alamu, mwayesetsa," anauza amayi. "Tsopano munthu wathu tikamuonere kwathu."

"Alamu, nyumba iyi anamanga okha. Mitengo yonseyi anadzala okha. Kwanuko akagona pati?"

"Iwo sakudziwa n'komwe kuti ali kuti. Pano kapena uko, kwa iwo n'chimodzimodzi."

Ankalankhula zonsezi bambo ali pomwepo, pakati pawo. Ine magazi anawira. Ndinati, "Azakhali, bwanji tiwafunse eni ake?"

"Iwe, uwafunsa ndi chiyani? Uli ndi pakamwa pena powabwereka?"

Ndinati tidikire m'mawa. Fodya wouma sagwiridwa masana, amafumbutuka m'manja. Timasankha m'mawa, chinyezi chikamufewetsa, ndipo ndinali nditaona kuti nawonso bambo nkhope yawo imatseguka nthawi yomweyo. Zimene ndinkachita sindinkazidziwa bwinobwino. Ndinkangoganiza za zimbale zija, kuti ngati anthu akufunsa kumwamba kopanda pakamwa, ine ndingalephere bwanji kufunsa bambo anga.

Kutacha tinawanyamula bambo ndi mpando womwe kulowa nawo m'chigafa, pomwe panali milu ya masamba osankha kale: aatali abwino, ofiira, ong'ambika, ndi mulu wa otaya kumapeto. Ndinasolola tsamba lokongola kuposa onse, lalitali ngati mkono, ndi kuliika m'dzanja lawo. Amayi anakhala mbali iyi, azakhali mbali iyo.

"Bambo," ndinatero, nditagwada, "ngati mukufuna kutsala, tsambali mupatse amayi. Ngati mukufuna kupita kwanu, mupatse azakhali."

Analiyala pabondo ndi chala chachikulu. Analinunkhiza. Analikweza poyera, n'kulitsitsa. Kenaka anawerama mpaka ndinawagwira phewa kuopa kuti agwa, ndipo analiponya pamulu wa otaya. Sanayang'ane mkazi wawo, sanayang'ane mlongo wawo.

Aa! Tsopano chimenechi n'chiyani?

Amayi anati, "Akuti ntchito yawo ili pano." Koma mawu awo anali opanda mphamvu.

Azakhali nawo ndi mlimi wa fodya. Anatola tsambalo n'kulitambasula pamaso pathu. "Taonani nokha. Tsamba ngati ili, achimwene amene ndimawadziwa ine angalitaye? Dzanja likungokumbukira ntchito basi, ngati nkhuku yodula mutu. Munthu mulibemo umu." Anatero akulira, musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Analiponyanso pamulu paja.

Tinayang'ana tsambalo, tonse tinaona kuti n'labwino. Ine ndinafunsanso kachiwiri ndi tsamba lina, bambo sanalilandire n'komwe, anangofumbata dzanja. Sindinadziwe ngati atopa, ngati akwiya, kapena ngati azakhali akunena zoona. Ndinasowa pogwira.

Dzuwa lisanatenthe tinayala matiresi m'ngolo, tinawagoneka bambo. Wailesi ndinaiika pafupi ndi khutu lawo. Ng'ombe zitanyamuka amayi anaperekeza mpaka pamphambano, anabwerera okha, ndipo sanalowe m'nyumba. Analunjika kuchigafa, poti fodya sadikira chisoni cha munthu.

Ndinkasesa pakhonde pamene anandiitana. Ndinawapeza atakhala pansi, tsamba lija lili m'manja, atalitembenuza. Kunsi kwake, m'mbali mwa mtsempha wa pakati, munali kachuku koyera, kongoyamba kumene, kochepa moti umafunika kupendeka poyera kuti ukaone. Tsamba la chuku likalowa m'belo limaoletsa anzake. Tonse atatu tinali titaliyang'ana pamwamba pokha.

Ndinkafuna kuthamangira ngolo. Koma ndikanakanena chiyani? Kuti aona chuku? Azakhali akanati inde, dzanja ndi mphuno zikugwira, nanga funso layankhidwa? Ndipo akanakhala akulondola. Mpaka lero sindidziwa. Mwina funso langa silinawafike, chinawafika ndi tsamba lokha. Mwina linawafika, koma anakana kusankha pakati pa mkazi ndi mlongo pamaso pa mwana. Mwinanso ankatiuza kuti iwo ndiwo tsamba lotayalo. Mawu aja akuti mwina, amene ndinawanyoza kuchipatala, andikhalira m'kamwa.

Bambo anamwalira kwawo mabelo athu asanapite ku okushoni. Tinapitako kangapo asanatisiye, ndinkanyamula masamba m'chitenje, koma dzanja linali litasiya kuyenda.

Masiku ano ndikamva pawailesi kuti akufunafunabe zamoyo kumaiko akutali, sindipsanso mtima, ndimangowamvera chisoni. Ndimafuna kuwafunsa ngati zimene analandira kale anazitembenuza kunsi. Koma chimene chimandibwerera kwambiri si nyenyezi ayi. Ndi amayi atakhala pansi m'chigafa muja, tsamba lili pamiyendo, sakulira n'komwe.

"Ngati bambo ako anaona kachuku aka," anatero, "ndiye kuti za nkhuku yodula mutu zija anamva."