Misonkho ya Eni ndi Chikuta cha Mwana Wanga

Ganizo lopita ku Nairobi ndinalipanga nditakhala pa benchi panja pa ofesi yathu yakale ku Lilongwe, tsiku lomwe anatiuza kuti pulojekiti yatha, aliyense aone kolowera. Bambo a Takondwa anali atatisiya kale, ndipo mwanayo anali akadali ku pulayimale. Mnzanga wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti bungwe lina la mpingo ku Kenya likufuna munthu wodziwa kusunga mabuku a ndalama. Sindinafunse nzeru kwa anthu ambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti andiletsa. Ndinangokwera minibasi kupita ku Mchinji kukauza achemwali anga a Rute. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pita. Mwanayu ndi wanga kale, usayese ngati ukundisungitsa."

Ku Nairobi ndinapeza chipinda ku Utawala, komwe nyumba zimamera msanga kuposa bowa, ndipo fumbi lake limakupeza ngakhale utatseka mawindo onse. Chiswahili ndinachiphunzirira m'matatu, maminibasi a kumeneko, ndi pamsika. Mawu oyamba kuwagwira anali ofunsira mtengo, achiwiri okanira mtengowo. Sindinama, ndinkakhala bwino. Malipiro ankabwera pa nthawi yake, fizi ya Takondwa sinachedwepo, ndipo achemwali anafolera nyumba ndi malata. Koma Loweruka masana, ndikachapa n'kuyanika, ndinkasowa woti ndimukalipire kapena kumutuma, ndipo kusungulumwa kunkandigwira mpaka m'mafupa. Ndikaimba foni kumudzi, Takondwa ankandiyankha mwaulemu kwambiri, ngati akuyankha ahedi. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake chapansipansi kuti akulankhula ndi amayi a ku Kenya. Ndinaseka pafonipo, koma nditadula sindinadye.

Bungwe lathu linalembetsedwa kutsidya kwa nyanja, kwawo kwa eni ndalama. Choncho kumayambiriro kwa chaka chilichonse tinkayenera kuuza boma la kumeneko anthu akwawo omwe tawalipira, monga alangizi ndi ophunzitsa, komanso kuti aliyense walandira zingati. Sikunali kulipira msonkho ayi, kunali kungowadziwitsa, koma ukachedwa chindapusa chake chinali choti bungwe laling'ono ngati lathu likanachimva. Ntchitoyi inali yanga ndekha. Sisitimu ya boma yomwe tinkatumizirapo mafomuwo pa kompyuta inali yakalekale, yosaoneka bwino, koma ndinaizolowera monga mmene munthu amazolowerera chitseko chofuna kuchinyamula pang'ono kuti chitseguke. Mkulu wa bungwe anali Mmalawi mnzanga, Abusa Mwale, munthu wachikulire, wofatsa, wosadziwa n'komwe kuti mafomuwo amaoneka bwanji.

Zaka zinapita, Takondwa anakula, anamaliza sukulu, anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Mchinji komweko. Atatha msinkhu, amene anamulangiza anali achemwali. Mayeso ake onse ndinkawamvera pafoni. Ndiye tsiku lina achemwali ananditumizira mawu ojambula, akulankhula mozungulira monga mwa chikhalidwe chawo. Anati mwana wako uja masiku ano zovala zayamba kumuthina, uyambe kuona bwino kalendala. Ndinamva zomwe amatanthauza. Ndinaimbira Takondwa n'kumulonjeza kuti pa chikuta ndidzakhalapo, masiku oyamba aja omwe mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Ndinamuuza kuti mwanayo ndidzamusambitsa ndine. Anangoti chabwino amayi, ndi mawu a munthu amene wamvapo malonjezo ambiri.

Masiku ake ankagwera mu Febuluwale. Ndinawerengera kuti mafomu nditumiza Januwale akangoyamba, n'kukwera ndege nthawi ikadalipo yambiri. Apa m'pomwe boma lija linalengeza kuti sisitimu yakale ikutsekedwa chaka chikamatha, aliyense asamukire ku yatsopano. Yatsopanoyo sinkalola munthu kungolowa ndi pasiwedi ngati kale. Bungwe linkayenera kulembetsa mwatsopano, kutchula akuluakulu oliyankhira, ndipo aliyense wa iwo aonetse nkhope yake pa vidiyo atagwira pasipoti. Zikatha zimenezo, mudikire masabata angapo kuti akuvomerezeni. Ine mbali yanga ndinaichita sabata yomweyo. Otsala anali Abusa.

Abusa Mwale sankakana. Akanakana bwenzi ndikudziwa poyambira. Ndikawakumbutsa, ankamwetulira n'kunena kuti tiona mayi, kuthamanga sikufika. Lero ali ku Kawangware ndi amayi a m'magulu osunga ndalama, mawa ali ku msonkhano wa abusa, mkuja pasipoti aiwala kunyumba. Kwa iwo tsiku lomaliza kutumiza linali kutali, ndiye sankaona chomwe ndikupupulumira. Ndipo ine sindikanawauza. Kwathu nkhani ya pakati sitiilengeza mwana asanabadwe, ndipo mkazi sangaimirire pamaso pa bambo wamkulu, m'busa, n'kuyamba kufotokoza za mimba ya mwana wake. Nyambura, mayi wa ku Kenya yemwe tinkakhala naye ofesi imodzi, anazindikira yekha ataona ndikugula timalaya ta khanda pa nthawi ya nkhomaliro. Zinamudabwitsa kwambiri. Ankangoti, "Si umwambie tu?" kundifunsa chomwe chikundiletsa kungowauza. Ndinamuyankha kuti pakamwa panga sipangatuluke zimenezo ngakhale atandilipira.

Novembala anatha, Disembala analowa. Mtima unayamba kundiwawa, ndipo ndinawakwiyira Abusa mkwiyo wopanda potulukira, uja umakupangitsa kupereka moni waulemu wopitirira muyeso.

Amalawi a ku Nairobi tinkakumana kamodzi pamwezi kupemphera m'Chichewa, ndipo mwezi umenewo tinakumana kunyumba kwa Abusa ku Spring Valley. Mapemphero atatha ndinalowa kukhitchini kukathandiza Amayi busa kutsuka makapu. Ndinadikira mpaka titatsala awiri, ndiye ndinayang'ana m'sinki n'kunena kuti mwana wanga uja kumudzi watopa. Mayi aliyense wa kwathu amadziwa kuti ukatero ukunena kuti masiku ake ayandikira.

"Woyamba?" anafunsa.

"Woyamba."

"Ndiye iwe ukutani kuno?"

Ndinawafotokozera za sisitimu, za vidiyo ndi za pasipoti. Za sisitimuzo sindikhulupirira kuti anazimvetsa, ndipo sanafune n'komwe kuzimvetsa. Anapukuta m'manja ndi chitenje n'kundiuza kuti ndipite ndikamwe tiyi.

Lolemba Abusa anafika ku ofesi atavala tayi, Amayi busa ali pambuyo, pasipoti ili m'chikwama chawo. Amayiwo anawakhazika Abusa pa mpando wanga n'kuima kumbuyo kwawo ngati woyang'anira mayeso. Mayi wina wa boma la kutsidya lija ataonekera pa kompyuta, Abusa anayamba ndi moni wonse, kumufunsa za kunyumba, za ana, ndi ngati mvula ikugwa kumeneko. Mayiyo ankangofuna aone nkhope ndi pasipoti basi. Nyambura anatuluka panja kukaseka. Zonse zinatha madzi a tiyi asanawire, ndipo Abusa ananyamuka akudabwa kuti kanthu kakang'ono chonchi tinkakavutikira chiyani. Mpaka lero sindidziwa zomwe anauzidwa kunyumba. Kwa ine sanatchulepo kanthu, koma madzulo ake anasaina kalata yanga ya tchuthi osaiwerenga.

Chilolezo chinatenga nthawi yake yonse, ndipo chinabwera Januwale ali kumapeto. Sisitimu yatsopanoyo, kunena chilungamo, inali yabwino kuposa yakale, kungoti inali yosakhululuka. Ukalakwitsa pang'ono adiresi ya munthu, inkakubwezera fomu nthawi yomweyo. Ndinakhala ndi Nyambura pa kompyuta imodzi, iye akulemba, ine ndikuloza, kuti ndikachoka asadzasowe pogwira. Tsiku lomwe mafomu onse analandiridwa ndinatuluka mu ofesi mopepuka, tikiti ya ndege ili m'chikwama. Ndili m'matatu kubwerera ku Utawala, foni inalira. Chinali chithunzi chochokera kwa achemwali, kamwana kofiira katakulungidwa m'chitenje, ndi mawu akuti mlendo wafulumira, ndi wamkazi, onse ali bwino. Ndinalira mokweza mpaka kondakitala anandigwira paphewa n'kunena pole mama, kundipepesa, poganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Ndinafika ku Mchinji mchombo usanagwe, choncho chikuta ndinachipeza. Koma kulandiridwa kwake sindinakukonzekere. Ananditulutsira mpando wabwino wa pabalaza. Anandiphera nkhuku. Ana a achemwali ankandigwadira pondipatsa madzi osamba m'manja. Ndikati ndigwire tsache, wina ankandilanda n'kunena kuti pumulani, mwachokera kutali. Khandalo ankandipatsa litasamba kale, litadzola, kuti ndilinyamule pang'ono ndijambulitse. Kusambitsa kunali kwa achemwali, ndipo manja awo ankadziwa ntchitoyo moti sindikanapeza ponena. Takondwa akaitana kuchipinda kuti amayi, tonse awiri tinkadzuka, koma iye ankayang'ana kwa achemwali, ine n'kubwerera pa mpando wanga uja.

Palibe amene anandilakwira. Ndicho chinkandipweteka kwambiri. Ndinali nditalimbana ndi boma la eni, ndi Abusa, ndi ulendo wonse uja, kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka m'nyumba ya mwana wanga. Posowa chochita ndinkangokhala pa foni kuyankha Nyambura, yemwe ankandifunsa za makalata otsimikizira omwe sisitimu inkatumiza. Kumeneko kokha ndi komwe ndinkafunika, ndipo ndinayamba kuganiza zofupikitsa tchuthi.

M'mawa wina kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo achemwali anapita ndi ana awo aakulu. Mwamuna wa Takondwa anali kusukulu. Khanda linali litalira kuyambira m'bandakucha, ine ndili pabalaza ndi foni yanga, kuopa kulowerera. Ndinangoona Takondwa waima pakhomo la chipinda, tsitsi lili nyankhalala, maso ali psuu, mwana ali paphewa.

"Amayi, kodi munabwera kudzaonerera? Matewera ali mbwee m'bafamo, ine msana ukundipweteka, inu muli pa foni. Ndiye munabwereranji?"

Chichokereni ine kupita ku Kenya, mwanayu anali asanandikalipirepo. Atangomaliza anagwira pakamwa, kuchita mantha ndi mawu ake omwe. Ine ndinaika foni pansi, ndinavula nsapato za ku Nairobi, n'kumanga chitenje. Ndinamulanda mwanayo, ndinamusambitsa m'beseni, ndipo anagona. Takondwa naye anagona pomwepo, mutu atatsamira pa mwendo wanga, osapepesa. Kenako ndinatuta matewera onse kupita nawo kuseri, ndipo ndinachapa ndikuimba nyimbo ya kwaya yomwe ndinali nditaiiwala kalekale.

Ku Nairobi ndinabwererako kukatsanzika ndi kukatenga katundu basi. Pano ndimasunga mabuku a kopaletivi ya alimi a mtedza, malipiro ake ndi ochepa, koma ndimagona tulo. Mafomu aja amatumiza Nyambura, ndipo akuti Abusa masiku ano amadzitama kuti sisitimu yatsopano anaikhazikitsa ndi iwo. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu kuli malo anga opanda munthu, akundidikira. Kunalibe. Anthu anapitiriza moyo, ndipo anachita bwino kutero. Ulemu wonse uja unali wopatsa munthu amene akumudziwa kuti abwerera, ndipo unatha tsiku lomwe Takondwa anasiya kundiopa.

Achemwali atabwera ku maliro tsiku lija, anapeza matewera ali pa chingwe. Anayenda nawo limodzilimodzi, kuwayang'ana padzuwa, ine nditaima pambali ngati mwana wa sukulu. Anachotsa limodzi n'kundiponyera.

"Ili silinayere. Bwereza, ukatha ukatunge madzi."