Chaka Chomwe Bambo Anamasula Makina Awo

Ovolosi ya bambo inkanunkha girisi ndi mankhusu a mpunga. Ngakhale amayi aichape ndi sopo wamtanda n'kuiyanika pampanda tsiku lonse, fungolo silinkachoka. Tinkakhala ku Salima m'nyumba ya kampani, pafupi ndi fakitale yopuntha mpunga komwe bambo anali fitala. Iwo ndiwo ankaika makina, kuwalumikiza ndi kuwakonza akafa. Ankatha kumva kulira kwa bering'i yotopa ya m'makinamo ali pakhonde pathu akumwa tiyi. Ankangoika kapu pansi n'kunena kuti, "Imeneyo sifika Lachisanu," ndipo sinkafikadi.

Ndinali kamtsikana ka Sitandade 4, matipate atangoyamba kumene, wailesi ikungokamba za ufulu. Mphepo ya mwera itayamba, mpunga utacha ku Maganga ndi ku Chinguluwe, tinamva kuti fakitale ija yagulitsidwa kwa anthu ena amalonda. Ogulawo anabwera kamodzi pagalimoto yoyera, nazungulira mpanda osatsitsa n'komwe magalasi. Sabata yotsatira belu la m'mawa silinalire. Alimi ankafika ndi matumba panjinga, thukuta lili kamukamu, n'kupeza loko pageti. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mavenda atawagula mpungawo motchipa.

Bambo anasita malaya awo oyera, naika satifiketi m'envulopu ya khaki, nakwera minibasi ya ku Lilongwe kukafuna ntchito. Anapita katatu konse. Kwina anawauza kuti akuchotsa anthu, sakulemba. Kwina anati makina awo atsopano amabwera ndi amisiri akeake ochokera kunja. Pena mlonda analandira kalata yawo n'kuiika pansi pa benchi, pamulu wa makalata ena, napanikiza ndi njerwa, bambo akuona. Bambo ankabwerako fumbi lili m'nsidze.

Kenako kapitawo wa eni atsopano aja anabwera kunyumba. Anati makina akusamukira ku fakitale ina, ndipo amene awamasule ndi yemwenso akawaike ndi kukawayang'anira. Tsiku limenelo amayi anapha nkhuku.

Masabata awiri bambo anagwira ntchito ija ngati akusamutsa wodwala. Pochokera kusukulu ndinkasuzumira pa waya wa mpanda. Chitsulo chilichonse ankachilemba nambala ndi penti yoyera, n'kuchijambula m'kope. Mabawuti ankawatsuka ndi dizilo, kuwapaka girisi, n'kuwamanga m'timatumba tosiyana. Malamba anawapinda bwinobwino kuti asathyoke. Chala chawo chachikulu chinang'ambika, anangochimanga ndi nsanza n'kupitiriza.

Loweruka m'mawa kunabwera malole awiri. Tonse a m'nyumba za kampani tinathamangira kugeti, ana ndi akulu omwe. M'malole muja munatsika anyamata ndi mabotolo a gasi. Mmodzi anayatsa moto wabuluu nayamba kudula shafiti yaikulu yozunguza makina pakati penipeni, pomwe panali nambala ya bambo. Ena ankaponya zitsulo m'lole ngati nkhuni. Timatumba ta mabawuti anatikhuthulira m'mgolo umodzi.

Bambo anathamanga, kope lili m'manja. "Bwana, aletseni! Shafiti imeneyo n'njabwinobwino, ingagwire ntchito zaka zambiri!"

"Madala, izi n'zitsulo chabe," anatero kapitawo. "Zikukagulitsidwa pasikelo. Kulibe fakitale ina."

Amayi, omwe sindinawamvepo akukweza mawu pagulu, anagwira geti ndi manja awiri n'kuligwedeza. "Ndiye munawanamiziranji? Bwanji simunangobwera ndi moto wanuwo tsiku loyamba? Mwawasowetsa tulo anthu ndi chiyembekezo, lero mukuti zitsulo chabe!" Kapitawo sanatembenuke n'komwe.

Malole atachoka, bambo anachita chinthu chomwe chinandipsetsa mtima kuposa zonse. Anatenga tsache nasesa fakitale yonse yopanda kanthu ija, ngodya ndi ngodya. Atamaliza anapereka makiyi kwa kapitawo uja ndi manja awiri, atavula chipewa. Ndinathawira kuseri kwa bafa n'kukalira ndi ukali. Masiku angapo sindinawayang'ane kumaso.

Mwera usanathe tinatulutsidwa m'nyumba ya kampani, tinasamukira kumudzi wa amayi m'mbali mwa nyanja. Bambo anayala lona pansi pa mkuyu nayamba kukonza njinga, mainjini a maboti ndi zigayo za m'midzi. Asodzi ankawalipira usipa. Sanalowenso m'fakitale iliyonse mpaka imfa yawo, ndipo achimwene anga atanena kuti akufuna kuphunzira ufitala, bambo anawakaniza kwamtuwagalu.

Pa nthawiyo ndinkaona ngati bambo ndi amantha, munthu wogwadira womunamiza. Lero ndikudziwa kuti tinalipo ana anayi, ndipo kapitawo uja ndiye anayenera kusayina kalata yowachitira umboni kuti ndi mmisiri wokhulupirika. Kalatayo anaisayinadi. Ndinaipeza m'sutikesi mwawo titawaika m'manda, ili yoyera, yosapindika n'komwe, chifukwa panalibe fakitale yoti akaionetseko. Bambo ndinawakhululukira kalekale. Enawo ayi.