Dzanja Lomwe Sindinaligwire

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana ukuwawa chifukwa chogonera pa benchi. Moto wa pa siwa unali utatsala makala okhaokha. M'nyumba amayi a kumpingo anali akuimbabe, mawu atasasa, atazungulira bokosi la achimwene anga. Chiperoni chinatsika usiku, moti kutayamba kuyera phiri la Michesi silinkaoneka n'komwe.

Achimwene anali munthu wa masewera ogwetsana, aja timati resiling'i. Matipate atangoyamba, mavidiyo atadzaza m'misika, iwo ndi mnzawo wa ku Chiringa, amene anthu ankamutchula kuti Mphezi, ankazungulira m'maholo mpaka ku Limbe, awiri kulimbana ndi awiri. Lamulo lake linali lakuti wina akakhala m'kati mwa zingwe, mnzake amadikira kunja, ndipo salowa mpaka atagundana manja. Chinawadanitsa ndi malipiro. Mwini masewera anapereka ndalama za onse awiri kwa achimwene, Mphezi n'kumati am'dyera gawo lake. Masewera otsatira, achimwene atapanikizidwa, anatambasula dzanja, koma Mphezi anapinda ake kumbuyo n'kumayang'ana kudenga. Phewa la achimwene linathyokera pomwepo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo munthuyo ndinamuda zaka khumi ndi chimodzi popanda tchuthi.

Dzuwa silinatuluke tsiku la malirolo. Kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka, amayi akupeta nandolo misozi ili chuchuchu, ina ya maliro, ina ya utsi. Anthu anayamba kufika pa njinga, a ku Kaduya, a ku Fort Lister, matope mpaka m'mawondo. Aphunzitsi anzanga anabwera atavala majekete, n'kumasankha poponda ngati nkhuku pa mvula. Azakhali athu anayambira kulira kumsewu, m'Chilomwe, akutchula dzina laubwana la malemu limene ine ndinali nditaliiwala.

Mphezi anafika mwambo wa mapemphero uli m'kati. Anali atatha, imvi zili mbuu, khosi lija la ng'ombe litasanduka la munthu wamba. Sanapite pa mipando. Anakhala pa muzu wa mango, chipewa chili m'manja. Anthu anayamba kugwedezana zigongono, ine mtima unandiwira. Ndinalumbira chamumtima kuti bokosi limeneli salikhudza.

Ponyamuka ndinagwira kutsogolo, mbali ya kumanja. Kwathu kuno bokosi timalandizana: munthu amangokugunda paphewa, iwe n'kupatuka, iye n'kulowa. Titangodutsa pa mjigo ndinamuona ali pambali panga. Sanandigunde paphewa. Anatambasula dzanja lamanja, chikhatho chili m'mwamba, monga ankachitira ali kunja kwa zingwe.

"Aphunzitsi, ndilowe," anatero chapansipansi.

Ndinayang'ana kutsogolo. Onyamula tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo akanagunda wina aliyense akanalowa, koma iye ankafuna dzanja la mwini maliro. Tinatsetsereka m'minda ya chinangwa, njira ikuterera, nyimbo ikuchokera kumbuyo. Anthu ena anandigunda paphewa kuti andilandire, ndinakana onse, poopa kuti angamusiyire malo anga. Phewa linkayaka moto. Iye ankangoyenda chammbali, akupunthwa pa mizere, dzanja lili chitambasulire, mvula ya chiperoni ikudikha m'chikhatho.

Tinafika kumanda adzukulu n'kulandira bokosi. Pamenepo m'pamene anatsitsa dzanja, nalipukutira pa buluku. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinati achimwene ndawabwezera. Nkhata zitaikidwa, anthu akubalalika, sindinamuonenso.

Madzulo pakhomo panangoti zii. Mabenchi a tchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo patatsala mafuwa ndi mapazi a anthu m'matope. Alamu, akazi a malemu, anali atakhala pa mphasa pomwe panali bokosi, atatsamira khoma. Anandiitana ndi mawu otheratu.

"Alamu, munthu uja munam'patsa mpata?"

"Ayi."

Anasalaza chitenje pa mawondo.

"Sananame ayi munthu uja. Gawo lake achimwene anu anatengadi. Ndi lija anakulipirirani fizi ya Fomu 4, a sukulu atakubwezani kunyumba. Ankati musadzamve, mungadzachite manyazi."

Ndinasowa poyang'ana. Manyazi amene ankandiopera aja anandigwira onse nthawi imodzi. Patapita kanthawi ndinafunsa ngati nyumba yake ku Chiringa ikadali yomwe ija ya kuseri kwa msika, kuti ndilawirire mawa.

"Ku Chiringa anasamuka kalekale," anatero alamu. "Akuti ali mbali ya ku Mozambiki."

"Mudzi wanji?"

Sanadziwe. Ndinatuluka kukafunsa achibale ochepa amene anatsala kugona nafe. Tsiku lonse lija, pa khamu lonse lija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kumene wachokera.