Mapilitsi a Alamu M'munda wa Tiyi

Tinanyamuka pa Masambanjati m'mamawa kupita kuchipatala cha pa boma, ine ndi alamu anga a Namakhwa, kapitawo wa othyola tiyi. Munali mu 2006, iwo atatha miyezi itatu akumwa ma ARV, ine ndili gadiyani wawo. Tinakwera matola, pikapu yodzaza nthochi, K150 aliyense. Tinakhala pamwamba pa mikoko ngati nafenso tikukagulitsidwa ku Limbe.

Cha m'ma eyiti galimoto inaima pa Makwasa chifukwa injini inatentha. Alamu anati akukataya madzi, nalowa m'munda wa tiyi. Atachedwa ndinawalondola, ndipo ndinawapeza atanyonyomala, akufotsera mapilitsi patsinde. Anavomera kuti masiku ena samamwa, pomwe kuchipatala amawerenga otsala m'botolo.

"Alamu, tiyi ameneyu anakayezetsa liti?" ndinawafunsa.

Anandichonderera kuti ndisaulule, nandigulira zitumbuwa ziwiri. Ndinadya.

Tinafika pa boma cha m'ma teni. Mlangizi, mayi wamfupi wa magalasi, anakhuthulira mapilitsi m'kambale. Anayenera kutsala asanu ndi limodzi, koma munali awiri. Alamu anali atafotsera mopyola muyeso.

"Mwamwa mopitirira, bambo. Zikatere timamugoneka munthu kuti tione chiwindi," anatero mayiwo, osaseka.

Alamu thukuta kamukamu, anaulula zonse, ndi za zitumbuwa zomwe. Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa nthawi imene amaphonya. Inali ya m'mawa: sikisi koloko imawapeza ali pakati pa anthu awo, ndipo kapitawo sangatulutse botolo lodziwika lija. Mayiwo anafotokoza kuti kudumphadumpha kumachititsa kachilombo kuzolowera mankhwala mpaka osagwiranso ntchito, kenako anawasiya asankhe okha chowakumbutsa. Alamu anasankha magambuti: pilitsi limodzi powavala faifi koloko asanatuluke m'nyumba, lina powavula madzulo. Ine mayiwo anandiuza kuti ndiziwafunsa Lamulungu lililonse, monga mlamu, osati monga wapolisi.

Masana tinadya tchipisi cha K50 pa siteji. Apo m'pamene ndinazindikira kuti munthu sadumpha mankhwala chifukwa chotopa ndi moyo, nthawi zina amangoopa maso a anzake. Titapeza malo m'galimoto yobwerera, alamu anandinong'oneza.

"Za chiwindi zija, mayi aja anandinamiza, eti?"

"Munayamba ndinu, alamu."