Bolodi Lodzozedwa

Aphunzitsi anzanga pasekondale yathu ku Kafue amati phunziro langa la zipembedzo ndi makhalidwe ndi lopumulira. Akuti ndimangouza ana kuti kuba n'koipa, kenako ndikudikira belu. Ndimangowayang'ana. Iwo bolodi lawo silinadzozedwepo.

Silabasi imafuna kuti ana adziwe Chikhristu, Chisilamu, Chihindu ndi chipembedzo cha makolo. Ine ndinakulira m'banja la Chikatolika, ndiye pa Chisilamu ndimayenda ndi buku ngati ndodo. Chaka china m'kalasi langa la giredi leveni munali mtsikana mmodzi yekha wa Chisilamu, wa ku Nangongwe, wanzeru koma wofatsa moti ukanaiwala kuti alimo. Ndinamupempha kuti atifotokozere mmene amasambira asanapemphere. Anaima kutsogolo, nafotokoza bwino kuposa buku, kenako n'kulemba mawu angapo a Chiarabu pabolodi, kuyambira kumanja. Ana anaomba m'manja. Tsikulo ndinaweruka ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi.

M'mawa mwake bolodi linkanyezimira ngati pepala la vitumbuwa. Choko chinkangoterereka. Ana a gulu la mapemphero la Chikhristu la pasukulupo anali atalawira ndi botolo la mafuta odzozera opemphereredwa, n'kupaka bolodi lonse, chitseko, ndi mpando wa mtsikana uja. Iye sanaone. Anakhalapo, ndipo poimirira siketi yake inali ndi banga lalikulu kumbuyo. Kalasi lonse linafa ndi phwete.

Mtsogoleri wa gululo anali mnyamata wandevu zowerengeka, amene ankayenda pang'onopang'ono ngati m'busa wolandiridwa pa siteshoni. Sanakane n'komwe.

"Ba Madamu, sitinachite voipa," anatero. "Tenze kuyeretsa chabe kilasi. Vija vilembo vibweretsa ma spiriti."

"Nanga mpando wa munzako?"

"Ni chikondi, ba Madamu. Tifuna apulumuke."

Mnyamatayo ndinamugwira mkono. Ndinamukokera kwa a hedi, bambo amene amalalikira za kulimba mtima pamzere wa Lolemba koma amabisala akaona kholo pageti. Anamvetsera akupukuta magalasi.

"Ba Madamu, ni bana chabe aba," anatero a hedi. "Tikabapanisha, ma pasta bazabwera pano na ma spika. Sibanamumenye, si so?"

Koma za bolodi anazitenga mozama. Anatulutsa sopo waufa m'sitolo, nalamula kuti litsukidwe tsiku lomwelo, pakuti bolodi ndi katundu wa sukulu. Siketi ya mwanayo sinali katundu wa sukulu.

Mtsikanayo sanabwerenso. Mayeso a teremu anali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti akawaphonya, kubwerera kudzavuta. Ndinapita kumsika komwe mayi ake amagulitsa nsomba zouma. Anandilandira mwaulemu, n'kundipatsa kampando, ulemu umene unandipweteka kuposa kutukwana.

"Mafuta yaja yakana kuchoka, ba Madamu," anatero mayiyo. "Siketi tingagule ina. Manje mwana akuti akangena mu kilasi bonse bayangana kumbuyo kwake. Tizamupereka kwa amalume bake ku Lusaka."

Ndinachonderera mpaka malovu kuuma. Iwo ankangoingitsa ntchentche pansomba.

Pamayeso ndinaika funso dala: fotokozani mmene wokhulupirira ayenera kukhalira ndi mnansi wa chipembedzo china. Pepala la mnyamata uja ndinalisunga pomalizira, cholembera chofiira chili chire. Analemba za ulemu. Analemba za kumvetsera, za kusanyoza, za kusachititsa munthu manyazi chifukwa cha chikhulupiriro chake, ndi zitsanzo zomwe. Ndinafufuza cholakwika ngati ndikusankha timiyala mu mpunga, osapeza ngakhale kamodzi. Anaposa kalasi lonse.

Tsiku lotsekera, a hedi anamuitana kutsogolo kuti alandire mphatso ya phunziro langa, nati mwambo ndi woti mwini phunziro ndiye apereke. Ana ankaimba mluzu. Mnyamatayo anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwana woleredwa bwino, n'kuwerama pang'ono.

"Ba Madamu, uja sanalembe?" anandinong'oneza.

"Sanalembe."

"Aa, zachisoni. Tizamupempherera."

Ndinamupatsa mphatso yake, pakuti mayankho ake onse anali olondola.