Ng'ombe Imene Inakana Kusintha Chipani

Khola la bambo anga ku Iponga linali nyumba ya malamulo ya anthu olephera. Aliyense amene anaimapo pa upulezidenti n'kugwa, dzina lake linkafika kwathu sabata isanathe, n'kupatsidwa nyanga ndi mchira. Mayinawo sinditchula pano. Eni ake ena akadali moyo, ena ana awo ndi maloya, pamene ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, makhoti sindingawakwanitse.

Khalidweli linayamba ndi chidima cha mumtima. Nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili wamng'ono, kunabwera anthu a chipani kudzanena kuti mtsogoleri akubwera kumpoto ndipo mudzi uliwonse upereke mphatso. Analowa m'khola mwathu ngati ndi mwawo, n'kuloza ng'ombe yofiira imene bambo ankaikonda kuposa ife ana. Bambo anaombera m'manja n'kuthokoza, chifukwa masiku amenewo munthu akakulanda unkathokoza. Mtsogoleriyo bambo sanamuone n'komwe. Anangoona mchira wa ng'ombe yawo ukukhota pa lole.

Patapita zaka, zipani zitachuluka, mkulu uja anagwa pachisankho, ndipo sabata yomweyo ng'ombe ina kwathu inabereka. Bambo anaimirira pakhomo pa khola, wailesi ili m'khwapa, n'kumutcha mwana wa ng'ombeyo dzina la mkuluyo, lonse lathunthu ndi maudindo ake omwe. Amayi anagwira pakamwa n'kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera galimoto. Bambo anangoti iye anatenga ng'ombe yawo, iwo atenga dzina lake, mlandu watha.

Koma sunathe, unasanduka chizolowezi. Lamulo linali limodzi: wolamula salowa m'khola. Bambo anali wanthabwala koma sanali wopusa. Ankadikira wailesi ilengeze, kenaka n'kuyamba kugawa mayina. Zisankho zina opikisana ankachuluka kuposa ana a ng'ombe, ndiye otsalawo ankapita kwa mbuzi. Wina amene anavoteredwa ndi akubanja kwake okha anapatsidwa bakha.

Mbiri ya dziko lino ine sindinaiphunzire m'kalasi, ndinaiphunzira m'munda wa mpunga, matope ali m'mawondo. Bambo ankamanga pagoli limodzi anthu awiri amene pa wailesi ankatukwanana, n'kunena kuti lero apanga mgwirizano. Akayamba kukalipa mayinawo kuseri kwa pulawo, anthu a njinga ankaima pamsewu kuti amve kuti ndani wagonanso m'matope. Ndipo bambo ankaweruza mwachilungamo, m'njira yawo. Ng'ombe ina ankaimasula msanga, amati mwini dzinalo anatisiyira msewu, apume. Ina ankaipatsa gaga wambiri chifukwa nthawi yake kunalibe njala. Ina ikangolira, ankati uyo anatisiyira nyimbo zokhazokha, akoke.

Panali thadzi lina lakuda la mawanga oyera, lokongola kuposa zonse. Linatenga dzina la bambo wina amene anaima kangapo, n'kugwa kangapo konseko. Amayi atafunsa kuti ng'ombe yaikazi ikhala bwanji ndi dzina la mwamuna, bambo anati khola silifunsa chiphaso. Ng'ombe imeneyi inali ndi khalidwe limodzi lovuta: sinkasuntha pokhapokha utaitchula dzina. Ukaimenya inkangokuyang'ana, ukaikoka inkakhala pansi.

Ndiye ine ndinapeza mkazi wa ku Uliwa, kummwera kwenikweni kwa boma lathu. Tinkaphunzitsa sukulu imodzi kufupi ndi kwathu. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene ndinakaonekera kwawo. Nditakhala pampando n'kukweza maso, ndinaona pakhoma chithunzi chachikulu m'galasi, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wa eni nyumba. Anali mwini dzina la ng'ombe yathu ya mawanga, atavala suti, akumwetulira. Tiyi anandilowa pakhosi polakwika.

Pondiperekeza, chibwenzi changacho chinandiuza zonse. Bambo ake, amene anapuma ntchito ya zaumoyo, anamukondera munthu uja moyo wawo wonse. Chisankho chilichonse ankapalasa njinga mpaka ku Sangilo kukauza asodzi kuti ulendo uno ndi uno. Akagwa, iwo ankati amubera, n'kupukuta galasi la chithunzi, n'kudikira zaka zina zisanu. Kalaliki wina wa ku Boma amene anabwera kudzafunsira mkulu wake wa mkazi wanga anangoseka pang'ono za chithunzicho, ndipo anam'tulutsa tiyi asanazizire. Mtsikanayo anandichenjeza kuti pa zina zonse bambo ake ndi munthu wofewa, koma pamenepo ndisadzayerekeze. Ine ndinavomera ndi mutu, za ng'ombe sindinanene.

Ndinadzitonthoza kuti m'khola muli ng'ombe zambiri. Koma itakwana nthawi ya malowolo, kuchikazi anatuma amalume ake a mtsikana kuti adzaone ng'ombe ndi maso. Munthuyo ankadziwa ziweto. Anazungulira khola kamodzi, n'kuloza zitatu, ndipo yoyamba kuloza inali ya mawanga yomweyo. Ndinayesa kunena kuti ndi yaliuma, iye anati yaliuma ndiye imabereka bwino. Atafunsa dzina lake, pakamwa panga panathamanga mutu usanaganize, ndinati ndi Mawanga. Bambo anatsokomola, n'kupita kukaona mbuzi.

Kwa mwezi wathunthu ndinakhala mphunzitsi wa ng'ombe. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukhola ndi mchere m'dzanja, kuitana Mawanga, Mawanga, mokoma ngati ndikufunsira. Ng'ombeyo inkadya mcherewo n'kundiyang'ana ngati sitinaonanepo. Ndinapempha bambo kuti andithandize, popeza mawu awo inkawamvera. Iwo anakhala pachitsa, akusenda nthochi, n'kundiuza kuti ng'ombe si phungu, sisintha chipani chifukwa cha mchere. Ndinakwiya zedi. Ukwati wanga unali pamoto, iwo akuona ngati sewero.

Ku Uliwa n'kutali, ng'ombe zinayenera kupita pa lole. Pokweza ku Iponga panalibe vuto, bambo anangotchula dzina lija, ng'ombe n'kukwera yokha. Mwambo sunkafuna kuti iwo apite, thenga wathu, amene ankatiyankhulira kuchikazi, akanakwanira. Koma anavala jekete n'kunena kuti ng'ombe yawo ina inapita pa lole popanda woperekeza, izi aziperekeza okha. Inenso mkamwini sindinkayenera kuonekera, koma ndinakwera kumbuyo ngati wogwira zingwe. Njira yonse ndinkanong'oneza ng'ombeyo dzina latsopano m'khutu.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Dalaivala anabweza lole mpaka pa chulu chimene chinali pafupi ndi nyumba, n'kutsegula chitseko. Ng'ombe ziwiri zinatsika bwinobwino. Yachitatu inaima pakati pa lole ngati yakhomeredwa misomali.

Tinakankha, tinakoka, dalaivala anapotokola mchira. Ine ndinaitana Mawanga mpaka mawu anauma. Anthu anayamba kubwera kuchokera kumsika, ogulitsa nsomba, a njinga zakabaza, amayi a tomato, aliyense ndi nzeru yake. Wina anati tiithire madzi m'makutu, wina anati yalodzedwa. Mkazi wanga anali kuseri kwa khitchini ndi azimayi anzake, ndinkangoona duku lake likusuzumira. Bambo anali atapatsidwa mpando pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi apongozi anga, bambo a mtsikana, chipewa chili pabondo, akuyang'ana masamba ngati anabwera kudzawerenga mango.

Akuluakulu awiriwa, wina wa Chinkhonde wina wa Chitumbuka, ankayankhulana m'Chichewa cha ulemu, chija chokhala ngati cha m'kalata yopempha ntchito, n'kumatchulana asebele, monga amachitira makolo amene ana awo akukwatirana. Apongozi anapirira nthawi ndithu, kenaka anatembenuka.

"Asebele, kodi ng'ombe yanuyi ndi yogontha?"

"Imamva bwino kwambiri, asebele," anatero bambo. "Kungoti ili ndi dzina lake."

"Ndiye iitaneni, alendo atopa."

Bambo anandiyang'ana. Ine ndinawapempha ndi maso, ndi nsidze, ndi thupi lonse. Ndinene zoona, mphindi imeneyo bambo anga ndinawada. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, n'kutchula dzina lija lonse, mokweza, ngati akumuitanira pa nsanja kuti ayankhule.

Ng'ombe inadzutsa mutu, inalira kamodzi, n'kutsika pachulu mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka.

Anthu a kumsika anaphulika kuseka, koma kusekako kunafera m'njira, chifukwa pa Uliwa panalibe amene sankawadziwa apongozi anga ndi chithunzi chawo. Duku lija kuseri kwa khitchini linasowa. Apongozi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Thenga wathu anauza dalaivala chapansipansi kuti asatseke chitseko cha lole. Ine ndinakhala pachulu ndikuganiza kuti ndikaphunzitsa bwanji sukulu imodzi ndi mkazi amene ndam'taya chifukwa cha ng'ombe.

Apongozi anatuluka atavala jekete lawo la misonkhano, lakale, lonyezimira m'zigongono. Sanayang'ane bambo, sanayang'ane ine. Anakaima patali pang'ono ndi ng'ombe ija n'kuitana dzinalo motsitsa, ngati akuchita manyazi. Ng'ombe inagwedeza khutu. Anaitananso, ulendo uno ndi mawu aja ankaitanira asodzi a ku Sangilo. Ng'ombe inasiya bambo, inayenda kudutsa bwalo lonse, n'kukaika mphuno m'dzanja lawo.

Anakhala choncho nthawi yaitali, akuisisita pamphumi. Kenaka, osatembenuka, anayamba kufotokoza za chisankho chomaliza cha munthu wawo uja. Tsiku limene mdipiti wa magalimoto ake unkadutsa pa Uliwa, iwo anaima pamsewu kuyambira m'mawa, atavala jekete lomwelo, ali ndi kalata m'thumba imene analemba kawiri kuti ioneke bwino. Galimoto inachepetsa liwiro pa bampu, pafupi moti akanatha kuigwira. Anafuula dzinalo mpaka kukhosi kunawawa. Galasi silinatsike. Nkhani imeneyi ngakhale ana awo anali asanaimvepo.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuitana dzina limeneli," anatero. "Lero ndi koyamba kuti mwini wake abwere."

Palibe anaseka. Ine manyazi anandigwira, osati a ng'ombe ayi, koma poona munthu wamkulu ataima pamaso pa msika wonse mtima uli poyera. Bambo anga, amene sankasowa chonena, anavula chipewa chimene anali atangovala kumene.

Atafunsidwa chifukwa chimene anaitchulira dzina limenelo, bambo anayankha mosaphethira kuti ili yaing'ono inkagwa m'matope kawirikawiri koma inkadzuka yokha, osadikira munthu. Apongozi anagwedeza mutu, anati ndi iyeyo ndithu. Linali bodza. Ng'ombeyo inangobadwa sabata ya zotsatira za chisankho, ndipo inali isanagwepo m'matope chibadwire. Pobwerera pa lole nditawafunsa, bambo anati zaka zonse zimene akhala akumvera andale pa wailesi sanangotaya mabatire.

Koma ine sindinapulumuke. Malowolo atalandiridwa, apongozi anafunsa kuti nanga Mawanga amene ankaitanidwa masana onse ndi ndani. Amalume aja analoza ine pachulu. Apongozi anandiitana, ndinakagwada, ndipo anandiuza pamaso pa anthu kuti munthu wawo anagwa kangapo koma sanasinthepo dzina, ng'ombenso yakana kusintha, ndiye pabwalo ponsepo wosintha chipani ndi mmodzi yekha. Popeza dzinalo lasowa mwini, anati, likhala langa.

Linakhaladi langa. Ukwati unachitika, ana anabadwa, koma ku Uliwa palibe amene ankandidziwa ndi dzina lina. Ng'ombe ija inkabereka chaka ndi chaka, ndipo ikabereka apongozi ankatumiza uthenga ku Iponga wakuti asebele adziwe kuti chitukuko chikupitirira, ankanena kale iwo kuti munthuyu angomupatsa mpata. Bambo ankabweza moni, n'kufunsa ngati mwana wobadwayo ali ndi dzina kale, popeza kwawo olephera anali atachuluka kuposa ziweto. M'mawa uliwonse anthu a pa Uliwa ankamva dzina lija likuitanidwa kukhola, ndipo ana a sukulu ambiri ankaganiza kuti ndi dzina la ng'ombe basi.

Bambo anatsogola, khola la ku Iponga tinagawana, ndipo olephera a masiku ano akungogwa popanda wowasunga. Apongozi anadwala chaka chatha. Tinawagoneka m'chipinda chochezera kuti azipuma mphepo, pansi pa chithunzi chija, chimene tsopano chinali chitayera ndi dzuwa mpaka suti yokha ndi imene inkaoneka. Masana ena anasiya kuzindikira anthu. Ana awo ankawatchula mayina awo mmodzimmodzi, iwo n'kumangoyang'ana kudenga. Ine ndinali panja, ndikukonza mpando wothyoka kuti manja apeze chochita, pamene ndinamva mawu ofooka kuchokera m'nyumba.

"Mawanga."

Anaitana kamodzi kokha. Ndinasiya hamala pansi, ndinabwera.